Thunthu la Nthochi M'nkhuti ya Njerwa

Linali Lachiwiri, sabata yoyamba ya Febuluwale, nthawi ili teni koloko m'mawa. Nthawiyo ndimaidziwa chifukwa belu la buleki kusukulu ya pulaimale linali litangolira, ine ndili pakhonde kusadzula nkhwani. Mlamu wanga, mng'ono wawo wa amuna anga, anatulukira kuseri kwa nkhokwe atanyowa mpaka m'khosi. Sanapereke moni. Anangoima madzi akutsika m'thalauza, kenaka anati achimwene awo agwera m'nkhuti ndipo sakuoneka.

Nkhuti ndi dzenje lomwe limatsala anthu akakumba dothi loumbira njerwa. Pafupifupi khomo lililonse kwathu kuno lili nayo yake, yaing'ono, yomwe pambuyo pake timatayamo zinyalala kapena kubzalamo nthochi. Koma iyi inali ina. Inatulutsa njerwa za nyumba zambirimbiri, ndipo mvula ikagwa inkaoneka ngati damu.

Mudzi wathu uli kumadzulo kwa Njewa, mbali yopita ku Mpingu, kungopatuka pang'ono pamsewu wa ku Mchinji. Zaka zingapo izi zisanachitike, kunabwera kampani ina n'kugula minda ya pamtunda, kumtunda kwa dambo lathu. Anaika chikwangwani chachikulu pamsewu, chojambulidwa nyumba za malata ofiira, kapinga wometedwa bwino, ndi galimoto pakhomo lililonse. Anthu ankati tauni ikubwera. Anadula mapuloti, n'kukhomera timiyala ta simenti m'malire, tomwe ankatitchula kuti mabikoni. Munda wathu sunalowe nawo m'malo ogulitsidwawo, choncho ife tinangotsala kunja tikuonerera.

Kampaniyo inkafuna njerwa, koma sinkafuna maenje m'mapuloti ake. Inauza oumba kuti azikumba kunsi kwa mabikoni, mbali ya mudzi, pamutu pa dambo pomwe pali dothi lomata bwino. Inalonjeza pamaso pa amfumu kuti ntchito ikatha idzabweretsa makina n'kukwirira. Amuna anga anali m'gulu la oumbawo. Anali ndi chikombole chawochawo cha matabwa a mlombwa, chomwe chinali ndi mng'alu pansi, moti njerwa iliyonse ya iwo inkatuluka ndi kamzere kumimba. Pakhomo pathu ndinkamva akamenya dothi m'chikombolemo, phwa, kenaka zii, kenaka phwa. Ndinkadziwa kuti ameneyo ndi iwo chifukwa sankathamanga ngati anyamata.

Kupatula kuumba njerwa, amuna anga anali mdzukulu, mmodzi mwa anthu omwe amakumba manda m'mudzi mukagwa zovuta. Ntchito imeneyi ili ndi malamulo ake, ndipo iwo ankawasunga kuposa mmene ankasungira nthawi ya kutchalitchi. Dothi lonse lotuluka m'manda limayenera kubwerera, ngakhale kakang'ono komwe kamatirira kukhasu. Ndipo dzenje likakumbidwa koma pazifukwa zina maliro osaikidwamo, silisiyidwa kukamwa, komanso silikwiriridwa lopanda kanthu. Amadula thunthu la nthochi, kuligoneka m'menemo m'malo mwa munthu, n'kukwirira. Iwo ankati dzenje losiyidwa limaitana. Za nkhuti ija ankanenanso chimodzimodzi, koma moseka, akusamba m'manja madzulo. Ine ndinkawayankha kuti ngati likuitana, liitane eni kampani.

Kampani sinagwe tsiku limodzi. Poyamba anasiya kubwera malole a simenti. Kenaka amisiri anayamba kuchoka mmodzimmodzi. Alonda anakhalako nyengo imodzi ya mvula, n'kunyamuka ndi zitseko zomwe ankalondera. Nyumba zina zinali zitafika pamawindo, zina zitafoleredwa theka, zambiri zili pamaziko. Udzu unamera m'zipinda. Mbuzi zathu zinkabisalamo dzuwa. Pawailesi tinamva kuti eni ake sakupezeka, ndipo anthu omwe anagula mapuloti akudandaula. Makina okwirira nkhuti palibe anawatchulanso.

Tsiku la Lachiwiri lija, mbuzi ya anzathu oyandikana nawo inaterereka n'kugwera m'madzi. Amuna anga ankachokera kudimba, anaimva ikulira, ndiye anagwada m'mphepete kuti aigwire nyanga. Gombe la mbali imeneyo linali lokumbidwa chapansi, poti oumba ankatsata dothi labwino, ndipo mvula inali italifewetsa. Linagumuka nawo. Mlamu wanga anali kuseri kwa chimanga, anamva kugwa kwa dothi, anathamanga n'kudumphiramo, koma madzi anali matope okhaokha. Anthu anawapeza dzuwa litapendeka, pofufuza ndi nsungwi. Mbuzi ija inatuluka yokha mbali ina, ndipo mpaka lero ilipo, yabereka kangapo.

Anzawo adzukulu anawakumbira manda abwino. Mwambo utatha ndinaona mlamu wanga akupala dothi lotsala ndi manja, kulibwezera pamtumbira, monga mmene achimwene awo ankafunira. Tinabwerera kunyumba, tinasesa, tinameta. Abale anabalalika. Ine ndinatsala ndi mdzukulu wanga wamkazi, mwana wa mwana wanga yemwe amagwira ntchito ya m'nyumba kutauni. Ndipo ndikaima pakhomo kuyang'ana kunsi, madzi a m'nkhuti ankanyezimira pakati pa bango.

Zomwe ndilembe apa ena aziona ngati zamisala, koma ndilemba momwe zinalili. Dzuwa likafika paliwombo, mudzi uli zii, ndinayamba kumva chikombole. Phwa, kenaka zii, kenaka phwa. Sikunali usiku, sindinali kulota. Ndimakhala ndikupeta kapena kutsuka mbale. Chikombole chenichenicho chinali m'nyumba, pansi pa bedi, chouma. Ndinauza mkulu wa mpingo wathu, munthu wofatsa yemwe kale anali mphunzitsi. Anati chisoni chili ndi makutu akeake, ndipo tinapemphera. Ine sindinena kuti unali mzimu wa amuna anga. Ndimakhulupirira kuti iwo ali m'manja mwa Mulungu. Koma ndinkadziwanso kuti munthu yemwe sanasiyepo dzenje lapululu moyo wake wonse, anafera m'dzenje lomwe linali lidakali kukamwa. Ndinkafuna likwiriridwe. Sindinkafuna china.

Amfumu anayesa. Anapita ndi akhansala ku ofesi yomwe imayang'anira midzi, kumeneko anawauza kuti nkhani ya mapuloti ndi ya anthu a kutauni. Atapita kwa a kutauni, anawauza kuti iwo amathera pamabikoni, kunsi kwake ndi kumudzi. Amfumu pobwerako anakhala pansi pakhonde panga, nsapato zili fumbi, n'kunena kuti dzenje lathuli lilibe boma.

Chaka chotsatira, titakolola, wailesi inalengeza kuti boma lilowererapo pa malo a kampani ija. Ogula ambiri anali aphunzitsi, anamwino ndi ena ogwira ntchito m'boma, ndipo anali atalira mokwanira mpaka kumveka. Boma linati liika msewu wa phula, ngalande ndi magetsi kuti malowo akhalenso ndi mtengo, anthu amalize nyumba zawo. Pamjigo nkhani inali yomweyo. Ena ankati ndi bwino, tauni ikayandikira tizigulitsa masamba pafupi. Mayi wina wochokera kummwera, yemwe anabwera kuno ndi amuna ake kudzalima fodya pa esiteti, anati ndalama zimenezo ndi zathu tonse, poti ngakhale sopo ndi mchere tikagula timadulidwa msonkho. Anafunsa kuti bwanji kampani ikagwa kutauni boma limathamanga ndi malole, koma misewu ya ku Nsaru ndi Kabudula, komwe kumachokera fodya ndi mtedza, mvula ikagwa ngakhale ambulansi imatitimira. Ine m'mutu mwanga munali malole okhawo, odzaza dothi lokwirira nkhuti.

Akhansala anabwera kudzachititsa msonkhano, ndipo mawu omwe ananena ndi akuti malo onse akonzedwa. Tonse tinamva kuti onse ndi onse. Palibe anaganiza zofunsa kuti onsewo akuthera pati.

Malole anafika m'nyengo yozizira. Tinawaona m'mawa atandandalikana pamsewu waukulu, odzaza dothi lofiira, giledala ili patsogolo. Mlamu wanga anabwera akuthamanga ndi adzukulu anzake atatu. Anati sitingalole makina akwirire dzenje lopanda kanthu, achimwene sakanalola, ndipo anthu a makinawo sadikira munthu. Tiyenera kufulumira tigonekemo nthochi iwo asanafike. Ndinawaloza nthochi za kuseri kwa bafa, zomwe amuna anga anabzala okha. Anasankha thunthu lalikulu, analidula, anasadza masamba, n'kulinyamula pamapewa anthu anayi monga amanyamulira bokosi.

Adzukulu ndi anthu a nthabwala, ngakhale pamaliro penipeni. Mmodzi ankadandaula kuti malemu alemera kuposa ulendo woyamba, kaya akudya chiyani kumeneko. Mlamu wanga anatembenuka nati, "Alamu, taonani, amuna anu tikuwaika kachiwiri. Nkhuku ya adzukulu ikhalenso yachiwiri." Ndinaseka, koyamba chimwalirireni iwo. Amayi a m'mudzi anatitsatira akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Titafika, adzukulu anatsetsereka mbali yomwe gombe linali lolimba, n'kulikankhira thunthu lija m'madzi. Ena anayamba kululutira poona fumbi la malole likuyandikira.

Malole anatsika mpaka pomwe panali geti la kampani, anakhota, n'kukwera kumtunda. Loyamba, lachiwiri, onse. Tinati mwina ayambira kumeneko, atsika masana. Tinakhala pansi m'mphepete mwa nkhuti kudikira. Amayi anayamba kuchoka mmodzimmodzi kukaphikira ana. Dzuwa litapendeka tinatsala ine ndi mlamu wanga, tikumva giledala ikulira kumtunda. Thunthu lija silinamire. Nthochi simira. Tonse tinkadziwa zimenezi chibadwire, koma tinkayembekeza kuti dothi lilipsinja tsiku lomwelo.

Linakhala likuyandama milungu yambiri. M'mawa limakhala mbali ino, madzulo mphepo yalikankhira mbali ina. Poyamba linali lobiriwira, kenaka linasanduka lotuwa ngati malaya a kaki, ndipo ukaliona uli patali, theka lili m'madzi, linkaoneka ngati msana wa munthu wogona chafufumimba. Mdzukulu wanga anabwera tsiku lina kuchokera kusukulu n'kundiuza kuti anzake akuti agogo ake aamuna akusambira. Sanalire. Anangofunsa ngati ndi zoona. Ine ndinasiya kuyang'ana kunsi, koma khomo la nyumba yathu linayang'ana komweko, ndipo chikombole cha masana chinkamveka kuposa kale.

Mlamu wanga anachita manyazi kwambiri. Anasiya kudutsa pakhomo panga. Tsiku lomwe anabwera, anakhala patali n'kunena kuti akufuna akalivuule akalitaye. Ndinakana. Chomwe chalowa m'manda sichitulutsidwa, iyenso ankadziwa. Ndinamuuza kuti cholakwa si nthochi.

Mawa lake ndinavala chitenje chochapa n'kukwera kumtunda. Ndinali ndisanapondeko chiyambire ntchito. Msewu unali utasalazidwa, anthu akukumba ngalande m'mbali. Ndinafunsa kapitawo, anandilozera bambo wina wamfupi, wa chipewa cholimba chachikasu. Ndinapereka moni, n'kumufotokozera zonse, za amuna anga ndi za nthochi. Anamvetsera osandidula. Kenaka anati nditsagane naye, tinatsika mpaka kumapeto kwa mapuloti, ndipo anaponda kamwala ka simenti komwe kanabisika mu udzu.

"Mayi, ntchito yomwe anandipatsa ikuthera apa. Lole ikadutsa mwala uwu, mawa ine ndilibe ntchito."

Ndinamufunsa kuti dothi lomwe linamanga nyumba zonsezi linachokera mbali iti ya mwalawo. Anati akudziwa. Anati iyenso kwawo ndi ku Kasiya, ndipo amayi ake mpaka lero amavula nsapato powoloka mtsinje popita kuchipatala, iye ali kuno kuika phula pakati pa nyumba zopanda anthu. Ananena izi osakweza mawu. Pamene ankayankhula, maso anga anatsata ngalande yatsopano ija. Inatsika mowongoka m'mbali mwa msewu, n'kudzathera pamwala womwewo, kukamwa kwake kutaloza kunkhuti. Ndinafunsa kuti madzi a m'mapuloti onsewa azipita kuti mvula ikayamba. Anayang'ana kumbali.

Pobwerera ndinadutsa pakati pa nyumba zosatha zija. M'nyumba ina yopanda denga munali mayi wachikulire, wovala bwino, ataima pakati pa chipinda chomwe munamera chisoso. Khoma lina linali litang'ambika kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndinamupatsa moni poti tinakumana maso. Anati nyumbayo ndi yake. Anaphunzitsa sukulu moyo wake wonse, ndipo zonse zomwe analandira popuma ntchito anaziika pamenepo. Tsopano amisiri a kapitawo uja amuuza kuti makoma anakhalitsa pamvula, maziko anasuntha, iyenera kugwetsedwa. Anati anthu amaganiza kuti boma lawapulumutsa, koma iye alandira msewu wopita kunyumba yomwe kulibe, ndipo akukhalabe m'chipinda cha mwana wake kutauni.

Ndisananyamuke kunyumba ndinkaganiza kuti ndikakumana ndi mmodzi wa ogulawo ndidzamuda. Koma ndinangoima naye m'chisoso muja. Pansi panali njerwa yomwe inagwa pawindo. Ndinaitola, ndinaitembenuza, kamzere kaja kanali kumimba kwake. Ndinayang'ana zina pamng'alu wa khoma, zambiri zinali nako. Ndinamuuza kuti njerwa za nyumba yakeyo anaumba ndi amuna anga, ndipo ndinamuonetsa kunsi komwe dothi lake linachokera. Kuchokera pawindo lake nkhuti inkaoneka bwino, ndi thunthu lija lili pakati. Anafunsa kuti chikuyandamacho n'chiyani. Ndinamuuza.

Kenaka anandifunsa ngati zigumuka za nyumbayo zingandithandize. Ndinati ndi dothi la m'dzenje lomwelo, likungoyenera kubwerera kwawo. Anandigwira dzanja n'kupita nane kwa kapitawo uja.

"Bambo, nyumba mukuti mugwetsayi ndi yanga, eti? Ndiye zigumuka zakenso ndi zanga. Musakazithire mumsewu. Muwapatse mayi awa."

Kapitawo anakanda m'mutu pansi pa chipewa. Anati kudutsa mwala sangadutse, koma palibe lamulo loletsa kukhuthula pamwala penipenipo. Sabata yotsatira nyumba ija inagwa, ndipo lole inabwerera chambuyo mpaka matayala anagunda bikoni, n'kukhuthula mulu wa njerwa zosweka. Mayi uja sindinamuonenso. Puloti yake ili ndi udzu mpaka pano.

Ndinatuma mdzukulu wanga kukaitana mlamu. Anabwera ndi nsungwi yaitali ndi waya. Anakokera thunthu lija m'mphepete osalitulutsa m'madzi, linali litayamba kuola, likununkha. Anasankha njerwa zomwe zinali zamphumphu, ine ndikumupatsira zokhala ndi kamzere, n'kuzimangirira kumutu, pakati ndi kumiyendo. Panalibe oimba tsiku limenelo. Polikankha anangoti, "Pitani bwino, achimwene." Linapendekeka, linatulutsa thovu, n'kumira. Tinaima mpaka madzi anakhala bata.

Ndikanakonda kulemba kuti kuyambira pamenepo chikombole chinasiya. Sichinasiye. Chimamveka mwa apo ndi apo, makamaka m'nyengo ya mvula, ngalande ija ikamakhuthulira madzi a kumtunda m'nkhuti, gombe n'kumagumuka pang'onopang'ono. Koma ndimatha tsopano kuima pakhomo n'kuyang'ana kunsi.

Kumtunda phula linatha, lakuda bii, ndipo limathera pamwala uja ngati analidula ndi mpeni. Magetsi a mumsewu anaikidwa. Nyumba zina zamalizidwa, muli anthu, ndipo ena amagula masamba kwa ine. Zambiri zidakali momwe zinalili. Amfumu anapitanso ku maofesi aja chaka chino, anauzidwa kuti nkhani yathu ailemba. Kapitawo anasamukira kuntchito ina, koma asanachoke anauza anzake, moti wina akagwetsa khoma kumtundako nthawi zina ndimapeza mulu watsopano pabikoni. Sindidziwa amene amabweretsa.

Mwana wanga wa kutauni amati ndisiye, dzenjelo ndi lalikulu kuposa moyo womwe wanditsalira, ndipo khosi langa silili ngati kale. Mwina akunena zoona. Mbali yomwe amuna anga anagwera ndi yomwe ndinayambira, ndipo pamenepo tsopano pali pouma poti munthu angaime ndi miyendo iwiri. Mlamu amabwera ndi wilibala Loweruka akakhala alibe maliro. Masiku enawo ndimakhala ndekha. M'mawa ndikasesa pakhomo, mwana akapita kusukulu, ndimapinda nkhata, ndimatenga ndowa, ndimakwera kubikoni kukadzaza njerwa zosweka, n'kutsika nazo kukathira m'nkhuti.